Oyilo wolemera sachiza injini

Alimi anzanga, sabata ino tiyeni tiike kaye pambali nkhani ya mbewu ndi feteleza, tikambirane za chinthu chimene ambiri a ife timagula mwachimbulimbuli ngakhale kuti ndicho chimasunga chuma chathu chachikulu. Ndikunena oyilo wa injini. Wina afunsa kuti nkhani ya amakaniko ikudzatani pa tsamba la alimi. Ameneyo adzuke m'mamawa akaime m'mbali mwa msewu wochokera ku Thyolo polowa mu Limbe. Akaona timapikapu, ma Probox ndi njinga zamoto zitasenza madengu a tomato, kabichi, nthochi, mathireyi a mazira ndi zigubu za mkaka, zonse zikuthamangira msika dzuwa lisadatuluke. Kumudzi nako chigayo ndi injini, pampu yothirira dimba ndi injini. Khasu likadalipo inde, koma masiku ano phindu la mlimi limayamba ladutsa m'injini lisadafike m'thumba.

Ine ndimakhala ku Kanjedza kuno koma dimba langa lili ku Bvumbwe, ndipo chimene chimalumikiza malo awiriwa ndi kagalimoto kamodzi. Nkhani ndikulembayi idandidyera phindu la tomato wa chaka chathunthu, tsono mundikhululukire ngati pena ndimveke ngati ndikukalipa.

Pali chiphunzitso chimene chidafala m'magalaja a pansi pa mitengo kuyambira ku Limbe, ku Ndirande mpaka ku Bangwe, ndipo chidafika kale m'malo a malonda a kumudzi. Chiphunzitsocho chimati, "Ku Malawi kuno kumatentha, thirani oyilo wolemera." Galimoto yatsopano, wolemera. Yakale, wolemera. Ikafuka utsi, wolemera kwambiri. Ine ndikuti chiphunzitso chimenechi chili ndi choona pang'ono chabe, ndipo pang'onopo ndi pamene pamatikola.

M'chaka cha 2019 ndidagula Probox yochokera ku Japan, ya petulo. Idabwera ndi buku lake, koma lonse lolembedwa m'Chijapani, ndiye ndidangoliponya pa shelefu ana n'kumaonera zithunzi. Kwa zaka ziwiri idanditumikira bwino. Mvula ya 2021 itatha, ndidayamba kuona utsi wabuluu kumbuyo ndikamakwera chitunda, ndipo kandodo koyezera oyilo kankandiuza kuti ndiwonjezere pafupifupi sabata ziwiri zilizonse. Ndidapita kwa makaniko wina amene ndinkamudziwa. Adasolola kandodoko, adapaka oyilo pakati pa zala ziwiri, adanunkhiza, kenaka adapukusa mutu.

"Madala, awatu ndi madzi," adatero. "Oyilo ameneyu ndi wa kwawo kozizira. Thirani 20W-50, utsiwu uthera pompano."

"Nanga buku lake likuti chiyani, achimwene?" ndidafunsa, ngati kuti bukulo ndidaliwerengapo.

"Buku silidayendepo njira ya ku dimba kwanu, madala."

Ndidaseka, ndidalipira. Ndipo kunena zoona utsi udachepadi, injini idayamba kulira mofatsa, ine n'kumauza anzanga pa msika kuti ndapeza katswiri. Ndidayenda motero miyezi isanu. M'mwezi wa September, tomato atapsa dimba lonse, injini idanoka pafupi ndi Chigumula cha m'ma 4 koloko m'mawa, makireti ali thoo kumbuyo. Ataiphwasula makaniko wina, adandiitana kuti ndidzaone ndekha. Paipi ya mphira imene imatenga mpweya kuchokera ku fyuluta kupita mu injini idali itang'ambika kunsi, kumene diso silifika. Fumbi lonse la njira ya ku dimba linkalowera pamenepo osasefedwa, n'kumapala maring'i ndi makoma a masilinda ngati sandipepa. Utsi uja kudali kulira kwa injini kuti ikudya dothi. Ine m'malo mofufuza chimene ikulirira ndidaitseka pakamwa.

Galimoto idakhala pansi sabata zisanu ndikusakasaka ndalama ndi masipeya. Tomato sadikira munthu. Wina ndidagulitsa pa dimba pomwepo kwa mavenda pa mtengo umene iwo adafuna, wina adaolera m'mizere.

Ndisanamize munthu, oyilo wa 20W-50 sindiye adang'amba paipi ija. Mlandu wake ndi wakuti adabisa matenda. Zili ngati kumwetsa mwana panado malungo ali m'thupi, thupi lizizira, mwana ayamba kusewera, inu n'kumati wachira. Paipi ija ikadapezeka mu April ikadandidyera ndalama zosakwana mtengo wa kireti imodzi ya tomato, ndipo injini mwina ikadapulumuka.

Nditabwerera kunyumba ndidatsitsa buku lija pa shelefu. Chijapani sindidziwa mpaka lero, koma manambala ndi amodzimodzi dziko lonse lapansi. Chakumapeto kwake ndidapeza 0W-20, 5W-30 ndi 10W-30. Nambala ya 20W-50 mudalibe. Pajatu akulu adati safunsa adadya phula, ine phulalo ndidalidya buku lili m'nyumba mwanga momwe.

Tsono manambala amenewa amatanthauzanji? Ndamva alimi ena akuti izi ndi za anthu ophunzira. Ndikukana. Mlimi amene adadziwa kuti 23:21:0+4S ndi feteleza wokulitsa ndipo Urea ndi wobereketsa, amene sangathire D Compound pamene pakufunika CAN, sangalephere kumva manambala awiri a pa chigubu cha oyilo. Manambalawa adakhazikitsa ndi bungwe la akatswiri a zamagalimoto la ku America lotchedwa SAE, ndipo amanena chinthu chimodzi chokha, kulemera kapena kupepuka kwa oyilo poyenda. Taganizani za uchi. M'mwezi wa June uchi umakanirira m'botolo, koma mukauika padzuwa umayenda ngati madzi. Oyilo aliyense amachita chimodzimodzi, akazizira amalemera, akatentha amapepuka.

Nambala yoyamba, imene ili ndi chilembo W, imanena mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira. Chilembocho chikuimira mawu a Chingerezi otanthauza nyengo ya chisanu. Nambalayo ikachepa ndiye kuti oyilo amathamanga msanga m'mawa mukangoliza injini. Nambala yachiwiri imanena kulemera kwake injini itatentha, ndipo amaipima pa madigiri 100. Choncho 5W-30 ndi 10W-30 amalemera mofanana galimoto ikayenda kamtunda, amangosiyana m'mawa. Nayenso 15W-40 ndi SAE 40 wa nambala imodzi uja ali m'gulu limodzi akatentha, koma SAE 40 m'mawa amakhala phala.

Apa pali chinthu chimene chidandidabwitsa, ndipo ndikufuna amakaniko onse opima oyilo ndi zala achimve. Oyilo wa 0W-20 amene mumamunyoza kuti ndi madzi, pa nthawi imene mukumupaka m'zala kuchokera m'chigubu amakhala wolemera kuposa mmene 20W-50 amakhalira m'kati mwa injini yotentha. Zala zimapima oyilo wozizira, pamene injini imagwira ntchito ndi oyilo wotentha. Tsono chiweruzo cha zala chilibe ntchito.

Nanga za kutenthazo? Choyamba, amene adatiuza kuti ku Japan kumazizira chaka chonse ndani? Mu mzinda wa Tokyo m'mwezi wa August kutentha nthawi zina kumapitirira madigiri 35, kuposa mmene Blantyre amatenthera masiku ambiri a October. Galimoto zomwezi zimayenda m'menemo, zili pa mzere wautali wa magalimoto, ndi oyilo wa m'buku. Chachiwiri, injini ya galimoto siitsatira kwenikweni kutentha kwa kunja. Ili ndi rediyeta, fani, ndi kachipangizo kotchedwa themositati kamene kamasunga madzi pa madigiri a pakati pa 80 ndi 90 kapena kupitirira pang'ono, kaya muli ku Dedza mu July kaya ku Nsanje mu November. Oyilo amatenthako pang'ono mukasenzetsa katundu wambiri pa chitunda chachitali, zimenezo n'zoona, koma kusiyanako sikofika poti mulumphe kuchoka pa 20 kukafika pa 50. Ndipo poti ndatchula themositati, mwambo wina woipa ndi woichotsa n'kuitaya ati chifukwa kuno kulibe chisanu. Injini yopanda themositati imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri, ndipo chinyezi ndi petulo zimene zimatsikira mu oyilo sizimauma msanga.

Chimene anthu amaiwala ndi m'mawa. Ife alimi sitiliza galimoto masana ngati anthu a m'maofesi. Timailiza 3 koloko kapena 4 koloko usiku, ndipo amene adagonapo ku Bvumbwe nthawi ya chiperoni akudziwa kuti kumeneko kuzizira kumatha kutsika kufika cha m'ma madigiri 10. Usiku wonse oyilo amakhala atatsikira m'sampu, zitsulo za kumtunda zili pafupifupi zouma. Mukaliza injini, pampu ya oyilo iyenera kumukankha kudzera m'timabowo ting'onoting'ono kuti akafike pamwamba. M'masekondi amenewo ndi mmene zitsulo zimadyana kwambiri. Pa kuzizira kotere 20W-50 amakhala wolemera katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi 5W-30, tsono amachedwa kufika. Kaphokoso kaja mumamva m'mawa, kakuti kwerekwere kenaka n'kuleka, ndi zitsulo zikudikira oyilo.

Injini za masiku ano adazipanga mothina. Mpata wa pakati pa kirankishafuti ndi mabering'i ake ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kuwonjezera apo, injini zolembedwa VVT-i za Toyota ndi zinzake za makampani ena zimagwiritsa ntchito oyilo yemweyo kusuntha nthawi imene mavavu amatsekuka ndi kutsekeka. Oyiloyo amadutsa m'kasefa kakang'ono kwambiri. Akakhala wolemera kwambiri kapena wakuda, chipangizocho chimachita ulesi, mphamvu imachepa, petulo amapita wambiri, ndipo kanyali kachikasu kamayaka. Galimoto za haibulidi monga Aqua ndi Prius, zimene zachuluka m'tauni muno, ndiye zimafunitsitsa oyilo wopepuka chifukwa injini yake imazima ndi kulira kambirimbiri pa ulendo umodzi.

Komatu ndisakhale ngati mboni yokondera. Makaniko wanga uja sadaname zonse, ndipo chiphunzitso chake chili ndi kumene chidachokera. Iye adaphunzira ntchito pa ma Land Rover, ma Peugeot 404 ndi 504, ma Datsun ndi ma Bedford, injini za mipata yotakasuka zimene mabuku ake ankalola 20W-50 kapena SAE 40. Nthawi imeneyo malangizo ake adali olondola. Chidasintha ndi galimoto, malangizo adatsalira pomwepo. N'zoonanso kuti makampani amakonda oyilo wopepuka pa chifukwa china chapadera, chakuti amapulumutsako mafuta pang'ono ndipo maboma a maiko olemera amawakakamiza kuchepetsa utsi. N'zoonanso kuti injini imodzimodzi ikagulitsidwa m'maiko osiyana, mabuku ake nthawi zina amasiyana. Mabuku ambiri a Toyota a m'zaka za m'ma 2000 opita ku maiko otentha ali ndi tchati cha mivi chosonyeza mitundu ingapo ya oyilo, kuyambira 5W-30 mpaka 15W-40 ngakhalenso 20W-50, malinga ndi nyengo. Ngati buku la galimoto yanu lili ndi tchati chotere, sankhani m'menemo mtima uli m'malo. Chimene ndikutsutsa ine ndi kusiya buku chifukwa cha mawu a munthu amene bukulo sadalitsegule n'komwe.

Maganizo anga ndi awa. Injini ikadali yabwino, thirani zimene buku lanena. Ikakalamba, itayenda makilomita ochuluka, n'kuyamba kumwako oyilo pang'ono, mukhoza kukwera sitepe imodzi pa nambala yachiwiri, kuchoka pa 20 kupita pa 30, kapena pa 30 kupita pa 40, koma mutayamba mwafufuza chimene chikuchititsa. Onani paipi ya mpweya, onani fyuluta, onani ngati oyilo sakudontha pansi, mupimitse mphamvu ya masilinda. Mukapeza kuti ndi ukalamba chabe, kwerani sitepeyo mukudziwa kuti mukungogula nthawi yosonkhanitsira ndalama za ovaholo. Kulumpha masitepe awiri kapena atatu tsiku limodzi chifukwa cha utsi ndiko kudandigwetsa ine. Ndipo pali ena amene amafika pothira oyilo wa giyabokosi, wa 90 uja, mu injini yofuka kuti aigulitse msanga. Kumeneko ndi kuba, ndipo wogula galimoto yakale ayenera kununkhiza kandodo, pakuti oyilo wa magiya ali ndi fungo lake loipa losabisika.

Kulakwitsa kwa mbali inayo nakonso kulipo. Alamu anga ali ndi Hilux yakale ya dizilo imene amanyamulira mbuzi ndi chimanga pakati pa Chikwawa ndi Blantyre. Atamva nkhani yanga adaganiza kuti phunziro lake ndi lakuti wopepuka ndiye wabwino, tsono adathira 5W-30 wa galimoto za petulo amene adatsala kwa ine ndi wina wogula. Pokwera mapiri kuchokera ku Thabwa, katundu ali wodzaza, kanyali ka oyilo kadayamba kuphethira akangochotsa phazi. Mwamwayi adaima, adadikira kuti izizire, ndipo atafika adakhetsa yense. Injini yakale ya dizilo, ya mipata yokula ndi ukalamba, pa chitunda chotentha ngati chimenecho, imafuna 15W-40 wake.

Pamenepa ndiye pakubwera zilembo zina zimene zili pa chigubu, zimene kwa mwini chigayo ndi zofunika kuposa manambala aja. Mukayang'anitsitsa mupeza mawu akuti API otsatana ndi zilembo ziwiri. Zoyamba ndi S, monga SL, SN kapena SP, ndi za injini za petulo. Zoyamba ndi C, monga CF-4, CH-4 kapena CI-4, ndi za dizilo. Chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo ndiye kuti oyiloyo ndi wa muyezo watsopano, mwachitsanzo SL adatuluka mu 2001, SN mu 2010 ndipo SP mu 2020. Injini ya dizilo imapanga mwaye wambiri ndi asidi, ndipo oyilo wa C ali ndi mankhwala ogwira mwayewo kuti usaundane komanso opha asidiyo. Mukathira oyilo wa S yekha m'chigayo cha dizilo, ngakhale manambala akhale olondola, mankhwala ake amatha msanga ndipo m'kati mumayamba matope akuda. Zigubu zambiri za 15W-40 zili ndi zilembo zonse ziwiri, monga CI-4/SL, ndipo zimenezo ndizo zoyenera pa khomo pamene pali chigayo, thirakitala ndi pikapu yakale. Amene mwagula timalole tatsopanoko ta ku Japan, ma Canter, ma Dyna ndi ma Elf okhala ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, samalani. Amenewo amafuna oyilo wa phulusa lochepa, ndipo buku lake limalemba DH-2 kapena DL-1. Oyilo wamba wa dizilo amatseka sefayo pang'onopang'ono, ndipo mtengo wa sefa imeneyo simungaukonde.

Za pampu yothirira ndinene mwachidule, ngakhale kuti ndi imene imafa kwambiri m'madimba mwathu. Timainjini ta petulo ta mtundu wa Honda GX160, ndi tina tambirimbiri totengera pamenepo, timalowa oyilo wongopitirira theka la lita. Buku lake limati 10W-30, ndipo limalolanso SAE 30 kumalo kotentha. Limatinso oyilo woyamba akhetsedwe pakatha maola 20, kenaka maola 100 aliwonse. Kainjini kameneka kalibe fyuluta ya oyilo, kalibe rediyeta, kamazizira ndi mphepo basi, tsono ndi kamene kamamvadi kutentha kwa dzuwa. Kaikireni mthunzi. Ndipo kakhazikeni pamalo osalaza, chifukwa m'kati mwake oyilo amachita kumwazidwa ndi kachitsulo kamene kamamiza m'sampu. Mukakaika mopendekeka m'mbali mwa mtsinje, oyilo amathawira mbali imodzi, kachitsuloko n'kumamenya mphepo. Ndaona mapampu ambiri akufa ndi kupendekeka ndi oyilo wa chaka chatha kuposa amene adafa ndi nambala yolakwika.

Njinga yamoto ndiyo imasonyeza kuti ine ndilibe chidani ndi 20W-50. Njinga zambiri zochokera ku India mabuku ake amalemba 20W-50 kapena 20W-40, ndipo pamenepo ndi pake. Koma m'njinga zambiri kilatchi imasambira mu oyilo yemweyo wa injini. Oyilo wopepuka wa galimoto za masiku ano ali ndi mankhwala oterera kwambiri, tsono mukamuthira m'njinga kilatchi imayamba kuterereka, injini ikulira koma njinga osakoka, zigubu za mkaka zili kumbuyo pa chitunda. Funani chigubu cholembedwa JASO MA kapena MA2. Ndipo oyilo wa 2T, wosakaniza ndi petulo m'makina ochekera matabwa ndi opopera mankhwala, ndi mtundu winanso, sasinthana ndi enawa.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuchiona kuti ndi choopsa kuposa zonse ndanenazi. Ndi oyilo wa m'mabotolo a zakumwa, woyalidwa pa thebulo m'mbali mwa msewu, wopanda nambala, wopanda chilembo, wopanda dzina. Ndikudziwa chifukwa chake timamugula. Dziko lathu liliba fakitale yoyenga mafuta a pansi, oyilo timachita kuitanitsa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa chigubu cha malita asanu udafika poti mlimi amayamba wawerenga kawiri. Wa m'botolo amagulitsidwa pang'onopang'ono, theka la lita, kota, monga timagulira mafuta ophikira a m'timapepala. Ena mwa ogulitsawo ndi anthu oona mtima amene amangogawa kuchokera m'mgolo wabwino. Koma inu mudziwa bwanji? Oyilo wakale wokhetsedwa m'galimoto akhoza kusefedwa ndi nsalu, kudikizidwa kuti zinyalala zikhale pansi, n'kuoneka bwino ndithu m'botolo. Mankhwala ake adatha kale, ndipo timazitsulo tosaoneka ndi maso tikadali momwemo. Mkangano wa 30 ndi 40 ulibe tanthauzo ngati chimene mwathiracho sichidziwika kuti n'chiyani. Kuli bwino oyilo weniweni wa nambala yoyandikana ndi ya m'buku kusiyana ndi wa m'botolo amene wogulitsa akulumbira kuti ndi nambala yeniyeniyo.

Chimodzimodzinso mukakhala pa ulendo, kandodo n'kuonetsa kuti oyilo watsika kupitirira mzere wa pansi, ndipo pa malo omwetsera mafuta pali nambala ina osati yanu. Thirani yomweyo, bola ikhale ya m'chigubu chomata. Kusakaniza 10W-40 pang'ono mu 5W-30 sikupha injini. Kuyenda ndi oyilo wosakwana kumapha tsiku lomwelo.

Pano ndili ndi pempho kwa akuluakulu. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lilipo kuyambira 1972 ndipo likulu lake lili mu Blantyre momwe muno. Bungwe la MERA ndilo limayang'anira za mafuta. Mmene timafunira kuti thumba la feteleza likhale ndi zimene zalembedwa kunja kwake, tifunenso chimodzimodzi pa chigubu cha oyilo, ndipo apite akapime zimene zikugulitsidwa m'misika ya m'maboma, osati m'masitolo akuluakulu okha. Ogulitsa galimoto zochokera ku Japan nawo, kodi n'chovuta chiyani kumata kapepala ka Chichewa pansi pa boneti konena nambala ya oyilo, malita ake, ndi mtunda wosinthira? Amene amaphunzitsa amakaniko kudzera ku TEVETA akumbukirenso amisiri akale amene adaphunzira ntchito injini za makono zisadabwere, chifukwa ndi amene ali pafupi ndi mlimi. Ndipo alangizi a zaulimi, pamene mabungwe akugawa mapampu ku makalabu a ulimi wothirira, ola limodzi lophunzitsa za oyilo lingapulumutse mapampu ochuluka kuposa amene agawidwe chaka chamawa.

Za mtunda wosinthira, mabuku ambiri amapereka manambala awiri, wina wa misewu yabwino, wina wa ntchito yolemetsa, ndipo wachiwiriyo kawirikawiri amakhala theka la woyambayo. Fumbi, katundu wolemera, zitunda ndi maulendo aafupi ndiyo ntchito yolemetsayo. Palibe galimoto ya mlimi imene ili m'gulu loyamba. Ine ndimakhetsa pa makilomita 5,000 aliwonse pamodzi ndi fyuluta, ndipo Probox imalowa malita osakwana anayi, tsono m'chigubu cha malita asanu mumatsala wowonjezera. Ndili ndi kakope m'galimoto mmene ndimalemba tsiku, makilomita ndi nambala ya oyilo, pafupi ndi masamba amene ndimalemba za mankhwala opopera tomato.

Oyilo wakuda wokhetsedwayo musatayire m'ngalande. Kuno kwathu zonse zotayidwa m'ngalande zimakathera m'timitsinje tomwe anzathu amathirira ndiwo zamasamba. Musapakenso pa zilonda za ng'ombe kapena pa nkhupakupa monga ena amachitira, muli poizoni wolowa pa khungu, la chiweto ndi lanu lomwe.

Makaniko wanga woyamba uja sitidadane. Ndimapitabe kwa iye pa za mabuleki ndi masipuling'i, chifukwa pa zimenezo dzanja lake ndi labwino. Za oyilo sitidagwirizanebe, akuti ine ndapusitsidwa ndi mabuku. Tsono ndimabwera ndi chigubu changa cha 5W-30 chogula ndekha, ndimaimirira pomwepo pamene akudula chomatira, ndipo asadatseke boneti ndimapisa dzanja kunsi kwa paipi ya mpweya ija. Akatha amandipempha chigubu chopanda kanthucho, akuti pali anyamata amene amagula. Anyamata amenewo ndikudziwa chimene amathiramo. Ndimatenga sikuludiraiva yake yomwe, ndimachiboola kawiri kunsi, kenaka ndimamupatsa.